Msuweni akuti ndisiye sukulu ndimutsatire ku Cape Town: kodi digiri ili ndi ntchito kunja?

Funso: Ndili chaka chachitatu pa yunivesite ina ya boma, ndikuphunzira za bizinesi ya ulimi. Fizi imativuta chaka ndi chaka, bambo amachita kudikira kuti agulitse fodya. Msuweni wanga analekezera Fomu 2, ali ku Cape Town, ndipo wamanga kale nyumba yamalata kumudzi. Akuti ndisiye sukulu anditumizire ndalama ya basi, chifukwa komwe akugwira ntchitoko akutsuka mbale limodzi ndi anthu a madigiri. Ineyo mtima wanga uli ku UK kapena ku Canada. Kodi digiri imathandiza munthu akapita kunja, kapena ndikungotaya nthawi? *Wophunzira wa ku Kasungu*

Yankho: Achimwene, malizani sukulu. Ndayambira pomwepa kuti foni ikakutherani moto musanafike kumapeto mukhale mutamva chachikulu.

Komabe msuweni wanuyo sakunama ayi. Anthu a madigiri otsuka mbale alipodi, ku Cape Town, ku Johannesburg, ngakhale ku Manchester. Ineyo ndinadyapo chakudya chomwe anandibweretsera mnyamata wina yemwe kuno kwathu anaphunzitsako masamu kusekondale. Chomwe msuweni wanu sanafunse n'chakuti anthu amenewa anafika bwanji pa sinki. Ambiri mwa iwo analowa m'dzikomo ngati alendo odzacheza, masiku awo anatha, ndipo alibe chilolezo chogwirira ntchito. Kampani yolongosoka singawalembe ngakhale itawafuna chotani, chifukwa lamulo limalanga bwana wolemba ntchito mlendo wopanda pemiti. Digiri ili m'chikwama, koma palibe amene afika poifunsa. Pepala loyamba lomwe amafunsa ndi lina.

Maganizo oti kunja chofunika ndi mphamvu basi tinawatengera kwa agogo athu, ndipo pa nthawi yawo anali oona. Munthu wopita ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela sankafunsidwa satifiketi. Dokotala akamupima n'kupeza kuti chifuwa chili bwino, ulendo wa kumigodi unali wapsa, ndipo anali wovomerezeka ndi maboma onse awiri. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa ulendowu. Unadzatsegulidwanso mu 1977 pansi pa bungwe la Theba, mpaka mu 1988 pomwe unatheratu pa mkangano wokhudza kuyeza HIV. Kuchokera pamenepo, njira yaikulu yalamulo yoti Mmalawi wopanda maphunziro akagwire ntchito ku Joni inatsekeka. Anthu sanasiye kupita, mabasi akudzazabe pa Mwanza ndi pa Dedza, koma chomwe amalowera ndi chidindo cha masiku 30 cha mlendo wodzacheza. Mukapitirira masikuwo, potuluka amakulembani kuti ndinu munthu wosafunika m'dzikomo: chaka chimodzi ngati mwapitirira ndi masiku osakwana 30, zaka zisanu ngati mwapitirira kuposa apo. Akakugwirani musanatuluke, ndiye ku Lindela, kufupi ndi Krugersdorp, kukadikira tsiku lokubwezani. Nyumba yamalata ija anthu amaiona. Mantha omwe mwini wake amayenda nawo akaona galimoto ya polisi sawajambula n'kutumiza pa WhatsApp.

Tsono digiri imagwira ntchito pati? Ikawoloka malire imadutsa m'manja mwa anthu osiyanasiyana, ndipo aliyense amaiyang'ana ndi diso lake. Wa ofesi yopereka ma visa amaiwerengera mapointi. Bungwe loyang'anira ntchito yanu, ngati ntchitoyo ili ndi bungwe, limafuna kudziwa zomwe munaphunzira m'kati mwake. Bwana wolemba ntchito ndiye amene saisamala kwenikweni: iye amafuna aone zomwe mumatha kuchita. Anthu ambiri amamva za bwanayu zokha, n'kumati digiri ilibe ntchito, kuiwala kuti simungafike pamaso pa bwana musanadutse kwa awiri enawo.

Tiyambe ndi South Africa, poti n'komwe mukuitanidwa. Pepala lililonse la maphunziro lochokera kunja limayamba lapita ku SAQA, bungwe lomwe limaliyika pa makwerero awo a maphunziro oyambira 1 mpaka 10. Pa makwerero amenewa digiri yoyamba ili pa 7, honours pa 8, masters pa 9, ndipo udokotala wa maphunziro pa 10. Mu Okutobala 2024 unduna wawo wa Home Affairs unayambitsa ndondomeko ya mapointi: kuti mupeze visa yogwirira ntchito mufunika mapointi 100. Ngati ntchito yanu ili pa mndandanda wa maluso osowa, womwe amautcha Critical Skills List, mapointi onsewo mwawapeza kamodzi. Ngati siili pamenepo, mumachita kutolera: digiri yoyamba imakupatsani 30, masters 50, ena amachokera ku zaka zomwe mwagwira ntchito, ku chiyankhulo, ndi ku malipiro omwe bwana walonjeza, omwe amayamba kuwerengedwa akapitirira ma rand pafupifupi 650,000 pachaka. Werengani nokha. Wadigiri wongotuluka kumene pasukulu kawirikawiri safika pa 100. Koma wa MSCE yokha amayambira pa ziro, ndipo kwa iye njira yotolerayi ndi phiri. Chinanso chomwe msuweni sanakuuzeni: lamulo lawo, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, sililola munthu yemwe walowa ngati wodzacheza kusintha visa yake ali m'dzikomo. Pempho limaperekedwa muli kwanu. Nkhani ija yoti "bwera kaye, mapepala tidzakonzera konkuno" ndi imene yasandutsa ambiri kukhala matchona osafuna, osatha kubwera ngakhale pa maliro a mayi awo poopa kuti sadzalowanso.

Ku UK, komwe kuli mtima wanu, zinthu zasintha kwambiri m'zaka zochepa, ndipo zasinthira mokomera wa maphunziro. Kuyambira mu Febuluwale 2022 dzikolo linatsegula khomo la ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ambiri analowera pamenepo popanda kufunsidwa digiri. Mukamva wina akunena kuti mlongo wake anapita ndi MSCE yokha ndipo ali bwinobwino, nthawi zambiri ndi khomo limeneli. Mu Malichi 2024 analetsa ogwira ntchitoyi kubwera ndi mabanja awo, ndipo pa 22 Julaye 2025 analitsekeratu kwa anthu ofunsira ali kunja. Tsiku lomwelo anakweza mlingo wa Skilled Worker visa, visa ya ogwira ntchito aluso: ntchito iyenera kukhala ya pa mlingo wa digiri, ndipo malipiro, kwa ambiri, asachepere mapaundi 41,700 pachaka. Pali mndandanda waung'ono wa ntchito zotsikirapo zomwe azilola kwa kanthawi, koma olowera pamenepo saloledwa kutenga mkazi ndi ana.

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa ambiri amasokoneza. Lamulo la UK silinena kuti inuyo mukhale ndi digiri. Limanena kuti ntchitoyo ikhale ya mlingo umenewo, ndipo pakhale bwana yemwe ali ndi chilolezo cha boma choitanira anthu akunja. Katswiri wa mapulogalamu a kompyuta yemwe anadziphunzitsa yekha, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi akugwira ntchito zooneka, angathe kupita popanda digiri. Koma taganizirani bwana wa ku Leeds yemwe sanamvepo za Kasungu, walandira makalata mazana ofunsira ntchito imodzi, ndipo kuti alembe inuyo ayenera kulipira ndalama zina ku boma zomwe sakanalipira akanalemba mwana wa konko. Munthu ameneyu amafuna chifukwa chomveka. Digiri payokha si chifukwa chokwanira, koma kalata yopanda digiri komanso yopanda zaka za ntchito saifikitsa n'kumapeto komwe.

Ndipatukeko pang'ono. Wina akakuuzani kuti mumupatse mamiliyoni akupezereni kalata ya bwana wa ku UK, ija amati Certificate of Sponsorship, thawani. Kalata imeneyi siigulitsidwa, ndipo bwana saloledwa kukulipiritsani. Madobadoba a ma visa adya ndalama za anthu ogulitsa minda ndi ng'ombe, ena n'kukafika ku UK kukapeza kuti ntchito yomwe analonjezedwa kulibe.

Pali gulu la ntchito lomwe digiri ndi chilichonse, komanso payokha siikwanira: unamwino, udokotala, uphunzitsi, uinjiniya, zamalamulo. Namwino wa digiri yochokera ku KUHeS kapena ku Mzuni sangakhudze wodwala ku UK asanalembetse ku Nursing and Midwifery Council, bungwe loyang'anira anamwino, ndipo kuti alembetse ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi a IELTS kapena OET, mayeso a pakompyuta, kenako mayeso oonetsa ntchito ndi manja omwe amalembera konko. Ku South Africa kulinso mabungwe otere: namwino amadutsa ku SANC, dokotala ku HPCSA, mphunzitsi ku SACE, injiniya ku ECSA. Malawi alinso pa mndandanda wa bungwe la WHO wa mayiko 55 osowa kwambiri ogwira ntchito zachipatala, choncho mabungwe a ku UK saloledwa kubwera kudzakopa anamwino athu, ngakhale namwino payekha ali ndi ufulu wofunsira ntchito. Amene amandimvetsa chisoni ndi ma clinical officer. Kuno kwathu ndi amene anyamula zipatala za m'maboma, ena amachita maopaleshoni a amayi oyembekezera usiku ndi usana, koma ku UK udindo umenewu kulibe, ndipo luso lonselo silipeza polowera. Izi zikusonyezani kuti funso lakuti "digiri kapena ayi" n'loperewera. Funso lenileni ndi lakuti pepala lanulo dziko lomwe mukupitalo lili ndi malo oliyikapo kapena ayi.

Kodi ndiye kuti wopanda digiri alibe mwayi? Ali nawo, koma ndi wa luso lokhala ndi pepala, osati wa manja okha. Canada ili ndi njira yapadera ya amisiri, Federal Skilled Trades, yomwe siifunsa sukulu yapamwamba koma imafuna zaka ziwiri za ntchito yaumisiri, mayeso a chiyankhulo, komanso bwana wokulonjezani ntchito kapena satifiketi ya umisiri ya konko. Germany, kuyambira mu Juni 2024, ili ndi chiphaso chotchedwa Chancenkarte chololeza munthu kukafufuza ntchito kwa chaka chimodzi, ndipo chimalandira digiri kapena maphunziro aumisiri a zaka zosachepera ziwiri ovomerezeka ndi boma la kwanu. Wowotcherera zitsulo, wa zamagetsi kapena makanika yemwe anadutsa ku koleji ya TEVETA, ali ndi mapepala a trade test ndi makalata a komwe wagwirako ntchito, nthawi zina amakhala pabwino kuposa wadigiri ya maphunziro omwe dziko lililonse lili nawo kale ochuluka. Chikhala kuti munandilembera muli Fomu 4 mukusankha kolowera, nkhani yathu ikanatalika pamenepa. Koma inu muli chaka chachitatu, ndipo ulendo umenewo munauyamba kale.

Ntchito zakunja zosafuna pepala lililonse ziliponso, ndipo tinaziona. Mu Novembala 2023 achinyamata athu anayamba kukwera ndege kupita ku minda ya ku Israel. Ndalama ankatumizadi kumudzi. Koma chiphaso cha mtundu umenewu chimakumangirirani kwa bwana mmodzi ndi ntchito imodzi, ndipo mu 2024 Amalawi 12 anabwezedwa kuno chifukwa chochoka m'minda kukagwira ntchito kwina. Za atsikana omwe anapita ku Oman kukagwira ntchito zam'nyumba n'kulandidwa mapasipoti munazimva. Kusiyana kwa njira izi ndi njira ya wa maphunziro si malipiro okha. Ndi pa tsiku lomwe mwayambana ndi bwana: wina amatha kufunsira ntchito kwina, wina amangoyenera kupirira kapena kuthawa.

Tsopano za inuyo. Ndisakunamizeni, digiri ya bizinesi ya ulimi si imene mayiko akuilimbirana ngati ya unamwino kapena ya uinjiniya. Palibe amene adzakutumizireni tikiti ya ndege tsiku lomwe mwavala gauni. Ntchito yake kunja ndi ina.

Choyamba, ku Canada imasanduka mapointi. Ndondomeko yawo ya Express Entry imawerengera zaka zakubadwa, maphunziro, chiyankhulo ndi zaka za ntchito. Digiri yanu imayamba yapimidwa ndi bungwe ngati WES, lomwe limanena kuti ikufanana ndi chiyani kwawoko. Mapointi a zaka zakubadwa amakhala okwera kwambiri kuyambira zaka 20 mpaka 29, kenako amayamba kutsika chaka ndi chaka. Mpikisano wake ndi woopsa, ndipo digiri yoyamba yokha kawirikawiri siifikitsa munthu pamwamba. Ambiri amawonjezera masters, ena Chifalansa, chomwe Canada ikuchikondera masiku ano. Koma popanda digiri, pa mpikisano umenewu mumakhala kumchira kwenikweni.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chomwe ndimaona chikuwayendera Amalawi ambiri a maphunziro ngati anuwa, digiri yoyamba ndi imene imatsegula khomo la masters, ndipo masters ndi imene ili ndi thandizo la ndalama. Chevening ya boma la UK imafuna digiri ndi zaka ziwiri za ntchito. Palinso Commonwealth, palinso Beit Trust yomwe imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha. Dziwani kuti zambiri mwa izi zimafuna mubwerere kumudzi mukamaliza, Chevening imanena zaka ziwiri, choncho si njira yozembera. Koma munthu wobwera ndi masters ya za ulimi ndi chuma amayamba kuonedwa ndi mabungwe akuluakulu ogwira ntchito m'mayiko angapo, ndipo ambiri omwe ndikuwadziwa akugwira ntchito ku Lusaka, ku Nairobi kapena ku Pretoria anadzera njira imeneyi, bwana ndiye akuwakonzera mapepala. Pa njira zonsezi magiredi amawerengedwa. Digiri yongokhoza mokoka ndi ya credit kapena distinction zimasiyana kwambiri pamaso pa opereka thandizo, ndiye chaka chatsalachi musachione ngati chongodikira gauni.

Chomwe ndikufuna chikulowereni kwambiri ndi ichi: zaka zitatu za yunivesite zopanda digiri, kunja zimawerengedwa ngati MSCE. SAQA kapena WES sapima theka la digiri n'kukupatsani theka la mapointi. Ndipo MSCE yathu, m'mayiko ngati UK, amaiyerekeza ndi mayeso omwe ana awo amalemba ali ndi zaka 16. Fodya yense amene bambo agulitsa zaka zitatuzi amasanduka pepala tsiku limodzi lokha, lomwe mwamaliza. Mukachoka lero, mukafika ku Cape Town muli chimodzimodzi ndi msuweni wanu wa Fomu 2, kungoti iye ali ndi zaka zingapo zodziwa mzindawo, ndipo inu ngati munatengako ngongole ku Loans Board idzakhala ikukudikirani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Kwa mwana wa mlimi wa fodya sindifunika kumasulira.

Ngati fizi yakanikiratu chaka chino, musangosowa pasukulu. Pitani kwa registrar mukalembe kalata yopempha kupuma kaye pa chifukwa cha ndalama, kuti malo anu asungidwe. Amene amangochoka osatsanzika amalembedwa kuti anathawa sukulu, ndipo kubwerera kumavuta. Chaka chimodzi chochita geni kapena maganyu kuno, malo anu ali osungika, n'chosiyana kutalitali ndi kuwoloka Beitbridge mulibe tsiku lobwerera.

Pali tizinthu tina tomwe anthu amatinyozera, koma ndi tomwe timagwetsa mapempho. Onetsetsani kuti pulogalamu yomwe mukuphunzira ndi yovomerezeka ndi NCHE, bungwe la boma loyang'anira maphunziro apamwamba, chifukwa mabungwe opima mapepala kunja amayamba afunsa ngati sukuluyo ikudziwika ndi boma la kwawo. Kwa inu wa yunivesite ya boma izi sizivuta kwenikweni, koma anzanu a m'makoleji ena omwe si aboma azifufuza asanalipire chaka choyamba. Yang'anani maina anu pa satifiketi ya MSCE, pa chiphaso cha unzika, pa pasipoti ndi m'kaundula wa yunivesite. Ife Amalawi timakonda kusintha: apa dzina la bambo, apo la agogo, kwina chilembo chimodzi chasowa. Ndinathandizapo mtsikana wina yemwe pempho lake linaima miyezi yambiri chifukwa pa pepala lina anali ndi dzina lapakati, pa lina analibe, ndipo anachita kukalumbira kwa loya kuti anthu awiriwa ndi mmodzi. Konzani zimenezi mukadali pasukulu, pomwe ofesi ili pafupi. Mukamaliza, tengani transcript yanu msanga ndipo musasiye ngongole kusukulu, chifukwa mabungwe ngati WES amafuna yunivesite iwatumizire yokha magiredi anu, ndipo siingatumize muli ndi ngongole. Amene anaphunzira ku Poly kapena ku College of Medicine chisanafike chaka cha 2021, pomwe University of Malawi inagawidwa n'kubala MUBAS ndi KUHeS, afunse bwino kuti mapepala awo akusungidwa kuti asanalipire ndalama zopimitsira.

Ndipo ntchito iliyonse yomwe mudzagwire mukamaliza, ngakhale ya internship, ngakhale yolemba mabuku a kopaletivi ya alimi a soya ku Santhe, muzitenga kalata yonena tsiku lomwe munayamba, lomwe munasiya, ndi zomwe munkachita, pa pepala la chidindo. Zaka ziwiri zolembedwa bwino zimawerengedwa ku Ottawa ndi ku London. Zaka zisanu za ntchito yopanda pemiti ku Cape Town simungazilembe pa fomu iliyonse, chifukwa kuzilemba n'kudziulula nokha kuti munaphwanya lamulo.

Msuweni wanu musamunyoze. Akukuitanani chifukwa amakukondani, ndipo akuona mmene bambo akuvutikira. Mumuimbire foni, mumuthokoze, kenako mumufunse mafunso awiri mwaulemu: pasipoti yake ili ndi chidindo chanji, ndipo anzake a madigiri otsuka mbale aja analowa ndi visa yanji. Akakuyankhani, mumupemphe kuti ndalama ya basi ija aitumizebe, koma ipite ku akaunti ya sukulu.